Funsani Alangizi: jambulani kaye pakhomo panu, khasu libwere pambuyo

Mwezi uno mauthenga ambiri amene mwatumiza ndi a mitengo ya zipatso, ndikuganiza kuti ndi chifukwa choti mvula yayandikira ndipo mbande zayamba kuoneka mmisika. Ndasankhapo angapo, ena ndawafupikitsako kuti malo akwane.

FUNSO: Alangizi, ine ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Dómuè kuno ku Angónia. Kuseli kwa nyumba kuli malo amene timangobzalapo maungu ndi nyemba, nde chaka chino ndasunga timetikali ndikufuna ndigule mbande 30, mapeyala, mango, malalanje, mapichesi ndi nthochi. Bambo akunyumba akuti malowo ndi ochepa koma ine ndikuona ngati akwana. Atayeza ndi chingwe anapeza mamita 25 mulitali, 20 mulifupi. Ndiyambire pati?

YANKHO: Mayi, bambowo akunena zoona ndithu, musakhumudwe nazo. Vuto lake mbande imanamiza maso. Mukaiona mkathumba kapulasitiki kakuda kaja, yotalika ngati mkono wanu, mumaona ngati olo 50 zikwana, koma peyala kaya mango pakatha zaka 10 nthambi zake zimatambalala mamita 8 mpaka 10, ndipo mizu imapita kutali kuposa pamenepo. Malo anuwo 25 kuchulukitsa ndi 20 ndi masikweya mita 500. Mtengo waukulu umodzi ukaupatsa mamita 9 uku 9 uku watenga kale 81. Lalanje, ndimu kaya nachesi amafuna 6 ndi 6, ndiye kuti 36. Pichesi 5 ndi 5, yomwe ndi 25. Nde mukaika mapeyala awiri ndi mango amodzi, malalanje anayi, mapichesi anayi, mwafika kale 487, malo atha. Mitengo yokhalitsa 11 basi, osati 30. Ndalama yotsalayo muisunge, ifunika pa mpanda ndi manyowa.

Tsono funso lanu loti muyambire pati. Yambirani pa pepala. Pemphani mwana wasukulu akupatseni kope la masamu lija la timabokosi, muzule mapepala awiri apakati, kabokosi kamodzi kakhale mita imodzi. Tengani chingwe mumange mfundo pa mita iliyonse, tepi yoyezera mukhoza kubwereka kwa mmisiri womanga nyumba kaya kwa telala kwa tsiku limodzi lokha. Ngati chingwe palibe, yezani mamita 10 kamodzi kokha, muyendepo mmene mumayendera tsiku lililonse ndikuwerenga mapazi, anthu ambiri amapeza 13 kaya 14, nambala imeneyo ndiyo muzigwiritsa ntchito pena ponse. Kuti ngodya isapendame, dulani chingwe cha mamita 12, mumange nsonga zake pamodzi, anthu atatu achikoke mbali ina mamita 3, ina 4, ina 5, ngodya ya pakati pa 3 ndi 4 imatuluka yowongoka bwinobwino, amisiri amachita chimodzimodzi poika maziko a nyumba.

Papepalapo musangojambula malo opanda kanthuwo ayi. Jambulani pakhomo ponse. Nyumba, khitchini, bafa, chimbudzi, khola, nkhokwe, chitsime ngati chilipo, chulu, mitengo yomwe ilipo kale olo ikhale msuku kaya mpoza womera wokha, njira yomwe ana amadutsa popita ku mjigo, nthambo ya magetsi ngati inadutsa pamwamba. Ndiponso, ichi anthu ambiri amaiwala, jambulani zomwe kulibe panopa koma mukudziwa kuti zibwera. Muli ndi ana anayi, gowelo la anyamata lidzamangidwa pati? Chimbudzi chikadzadza chatsopano mudzakumba pati? Ngolo ya ng'ombe yobweretsa chimanga idzalowera pati? Malo amenewo alembeni kuti atengedwa kale.

Kwathu komwe ndinakulira malume anga anabzala mango mapazi atatu kuchokera pakhonde, ankati ana azidyera pafupi. Zaka zoyamba unali mtengo wosangalatsa, tinkasewera pamthunzi pake. Koma nditabwerako patapita zaka ndinapeza simenti ya pakhonde itang'ambika mzere wolowa mpaka kuchipinda, muzu wonenepa ngati ntchafu ukuoneka poyera, masamba ataunjikana pamalata mpaka dzimbiri litaboola, mvula ikagwa azakhali ankaika beseni pafupi ndi bedi. Tsiku lodula mtengowo malume sanakhale pakhomo, anapita kudimba mpaka madzulo, zinawapweteka kwambiri. Nchifukwa chake ndimalimbikira kuti mango ndi peyala zitalikire nyumba mamita 8 kupita mtsogolo.

Mukatha kujambula zimenezo mupeze kumpoto. Mmawa imani kuyang'ana komwe dzuwa likutulukira, dzanja lanu lamanzere laloza kumpoto, lamanja kumwera, ikani kamuvi papepala. Izi ndi zofunika chifukwa kuno kwathu mmiyezi yozizira, Juni ndi Julayi, dzuwa limayenda chopendekera kumpoto ndipo mthunzi umagwera kumwera, wautali ndithu. Cha mu Disembala limakhala pafupifupi pamutu, mthunzi umafupika. Nde mitengo yaitali, mapeyala ndi mango, ikhale mbali ya kumwera kwa malo anu, yaifupi ngati mapichesi ndi malalanje ikhale kumpoto, kuti yaitaliyo isaphimbe inzake. Phindu lina ndi loti mphepo yozizira ya mwera ija imayamba yagunda mitengo ikuluikuluyo isanafike pa ing'onoing'ono. Koma onani bwino, ngati kumwera kwanuko kuli munda wa aneba, mthunziwo ukagwera kwa iwo, choncho siyani mamita 4 kaya 5 kuchokera mmalire ndipo mukambirane nawo mtengo usanalowe pansi, milandu ya nthambi zodumpha malire imafika kwa a nyakwawa chaka ndi chaka.

Kenako madzi. Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa tulukani ndi ambulera muone komwe madzi a padenga ndi pabwalo akuthamangira, pomwe akuima, pomwe akukokolola dothi, muike timivi papepala. Pomwe mukuganiza kuika peyala kumbani kadzenje kofika mbondo, muthire ndowa ziwiri madzulo, mmawa mukaone. Mukapeza madzi akadalimo, peyala pamenepo ayi, mizu yake imaola msanga mmadzi oima, mtengo umayamba kuuma nsonga kenako wonse. Malo otero apatseni nthochi kaya gwafa. Nthochi malo ake enieni ndi kumunsi kwa bafa, madzi osamba aja aziyenda mkangalande kukafika paphata, mapando atatu otalikirana mamita 3 akukwanani. Ndipo poti kwanuko ndi kumtunda, malo otsika cha kudambo kumagwa chisanu mu Juni ndi Julayi, mapapaya ndi mbande za mango zimapsa masamba, pomwe mapichesi amakondwa nako kuzizirako. Ngati malowo ndi otsetsereka, mizere ya mitengo idutse chopingasa, mubzale vetiva kumtunda kwake kuti dothi lisamathawe.

Tsopano gawo lomwe ine ndimalikonda. Dulani timapepala tozungulira, ka peyala kakhale timabokosi 9 kuchoka mbali ina kufika ina, ka lalanje 6, ka pichesi 5, mulembe dzina pa kalikonse. Khalani pamphasa ndi bambo ndi ana, muzisuntha timapepalato pa mapu anu mpaka tonse tikhale bwino osakwerana. Kusuntha kapepala sikulira ndalama, pomwe mtengo wa zaka zisanu simungausunthe. Mukagwirizana, pitani pamalopo ndi zikhomo, khomani chikhomo pomwe pakhale thunthu, ngati ndi peyala kaya mango mangani chingwe cha mamita 4 ndi theka muzungulire mukuwaza phulusa. Mukaima pakhonde ndikuona mizere yoyera ija yozungulira pansi, mpamene mudzaone ndi maso anu kukula kwa mtengo womwe ukadali mkathumba.

Pakati pa mitengoyo paoneka mpata waukulu kwa zaka zinayi kaya zisanu, musausiye. Pitirizani nyemba zanu, mtedza, maungu, muikemonso mapapaya angapo pamalo otentherako, amabereka chaka chisanathe kaya chitangotha ndipo akamatopa mitengo ikuluikulu imakhala yakula. Chimanga chokha chitalikire mbande, chimaiphimba.

Maenje mukumbe mu Okutobala kaya kumayambiriro kwa Novembala, masentimita 60 mulitali, 60 mulifupi, 60 kuya. Dothi lapamwamba lakuda lija muike mbali yake, musakanize ndi ndowa imodzi kaya ziwiri za manyowa owolerana bwino, lobwerera mdzenje ndi limenelo. Ndowe yaiwisi ayi, imaotcha mizu ndipo imaitana chiswe. Mubzale mvula ikakhazikika, cha mu Disembala. Gulani mbande zomezanitsa ngakhale zili zodulirapo, chifukwa peyala womezanitsa amayamba kubereka pa zaka 3 kaya 4 pomwe wa njere mukhoza kudikira zaka 7 kupita mtsogolo osadziwanso kuti adzatuluka wotani. Mfundo yomwe analumikizira ija ikhale pamwamba pa dothi, ndipo kamphukira kalikonse kotuluka mmunsi mwa mfundoyo kathyoleni. Papepala lanu lembani mtundu wa mtengo uliwonse, ngati ndi peyala kaya ndi Hass kaya Fuerte, komwe munagula ndi tsiku lobzala. Pepalalo mulisunge pamodzi ndi makadi a kuchipatala a ana, kapena mulijambule pafoni.

FUNSO: Ine kwathu ndi ku Tsangano koma ndimagwira ntchito ku Moatize, ndagula kapuloti ndamangapo. Ndikufuna ndibweretse mbande za mapichesi ndi mapeyala zakwathu kuti ndizikumbukira kumudzi. Madzi timagula pa chigubu. Zitheka?

YANKHO: Achimwene, ndikumvetsa kusowa kumudzi, koma mapichesiwo asiyeni ku Tsangano. Pichesi amafuna nyengo yozizira kuti ayoyole masamba, agone, kenako achite maluwa. Tsangano ndi Angónia ndi kumtunda, mamita oposa 1000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Moatize ndi mzinda wa Tete zili kutsika kuchigwa cha Zambezi komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Mtengowo ukhoza kukhala moyo koma zipatso mudzazisowa. Peyala nayenso amapsa masamba ndi dzuwa limenelo, ndipo madzi a mjigo akakhala amchere amavutika kwambiri. Zomwe zimapirira kumeneko ndi mango, mandimu, magwafa, masau, bwemba ndi chammwamba cha ndiwo. Masau musawadelere poti amamera okha kutchire, mtengo umodzi wa masau okoma pakona ya mpanda sufuna chisamaliro chambiri ndipo msika wake ulipo, aiwisi ndi owuma omwe.

Kwa inu mapu ayambire pa madzi. Mvula ya kumeneko ndi yochepa, cha mma milimita 600 pachaka, ndipo kuyambira Meyi mpaka Novembala kumakhala gwa. Mbande imodzi kumalo otentha chonchi imafuna chigubu cha malita 20 kawiri pa sabata kwa zaka ziwiri zoyamba. Mitengo 10 ndiye kuti zigubu 20 sabata iliyonse kwa miyezi 7. Tengani mtengo wa chigubu chimodzi kwanuko muchulukitse, muone ngati malipiro anu angakwanitse. Ine ndingakonde muyambe ndi itatu, mango omezanitsa amodzi, ndimu mmodzi, gwafa mmodzi, ndipo pa mapu anu muiike pomwe madzi a ku bafa, otsukira mbale ndi a padenga angafike okha. Madzi ochapira okhala ndi sopo wambiri waufa musamathire paphata tsiku ndi tsiku. Kumbani kabeseni kozungulira mtengo, phimbirani ndi udzu wouma wochuluka koma usakhudze thunthu chifukwa cha chiswe, ndipo pambali pa mbande kwirirani mtsuko wadothi kaya botolo la malita 5 loboola pansi ndi msomali, muzithira mmenemo madzulo, madzi amapita ku mizu mmalo mouma ndi dzuwa. Chaka choyamba mangirani kamthunzi ka udzu mbali ya kumadzulo. Malo a mitengo ina alembeni papepala, mudzabzale zitatuzi zikaima pazokha.

Ndipo mbuzi. Kumeneko mbuzi ndi zambiri ndipo mchilimwe chobiriwira chokha chomwe zimaona ndi mbande yanuyo. Khola la nsungwi kaya la minga lotalika kufika pachifuwa limangidwe tsiku lomwelo lobzala, musanene kuti mawa.

FUNSO: Alangizi musanditchule dzina. Ndine mkamwini cha ku Furancungo, ndakhala pamudzi pano zaka 6, ana awiri. Ndimafuna kubzala mitengo ya zipatso koma anzanga amandiseka kuti mkamwini sabzala mtengo, banja likadzatha ndidzausiya. Nditani?

YANKHO: Bambo, funso lanuli ndalikhalira nthawi yaitali, chifukwa ndaona makomo ambiri opanda olo mtengo umodzi wa zipatso pa chifukwa chomwechi. Mwamuna akuopa kubzala pa malo a mbumba ya mkazi, mkazi akudikira mwamuna, zaka 15 zikudutsa ana akugenda mango a eni ake. Ine ndikuti bzalani. Pachikamwini ana anuwo ndi a pamudzi pomwepo, malo amenewo ndi awo, nde olo zitavuta bwanji pakati pa inu ndi mayi, amene adzatsale akudya mapeyalawo ndi magazi anu omwe. Komanso mukagula zomezanitsa mudzadya nawo pasanathe zaka zinayi.

Koma musachite mobisa. Mapu omwe ndafotokoza kwa mayi a ku Dómuè aja kwa inu ali ndi ntchito yachiwiri. Jambulani limodzi ndi akazi anu, kenako muwatengere kwa malume awo, eni mbumba, muwauze mwaulemu kuti mukupempha kubzala apa ndi apa, mitengoyi ndi ya ana. Pali mabanja ena amene amaona mkamwini wobzala mtengo ngati akufuna kulanda malo, ndiye mukayamba mwapempha mwachotsa mantha amenewo. Akalola, a nyakwawa adziwe, pepalalo lilembedwe tsiku ndi amene analipo. Lamulo la malo la 1997 kuno ku Mozambique limati malo onse ndi a boma ndipo sagulitsidwa, chomwe munthu amakhala nacho ndi ufulu wowagwiritsa ntchito, uja timati DUAT. Lamulolo limavomereza malo omwe banja lakhalapo motsata mwambo olo palibe chikalata, limavomerezanso umboni wa anthu a mmudzi, ndipo ufuluwo umapita kwa ana, aakazi ndi aamuna chimodzimodzi. Kapepala kanu sikalowa mmalo mwa DUAT ayi, koma kadzathandiza anthu kukumbukira zomwe munagwirizana. Ngati kwanu komwe munabadwira kuli malo, bzalaninso kumeneko mitengo iwiri itatu, mtima wanu ukhale mmalo.

FUNSO: Ndinabzala mapapaya asanu kuno ku Ulongué, atatu akungochita maluwa ataliatali olendewera osabereka. Ena akuti ndikhomere chitsononkho pathunthu. Zoona?

YANKHO: Amenewo ndi aamuna mayi, chitsononkho sichiwasintha. Siyani mmodzi kuti azipereka ufa wa maluwa kwa aakaziwo, enawo dulani, mmodzi amakwanira aakazi 10. Ulendo wina bzalani mbande zitatu paphando limodzi, zikachita maluwa musiye yaikazi, ija maluwa ake amakhala aakulu omatirira pathunthu.

FUNSO: Ndimakhala ku Zóbuè pafupi ndi malire. Ndikufuna ndikatenge ana a nthochi ndi mbande za manachesi ku Mwanza kwa abale. Palibe vuto?

YANKHO: Manachesi a ku Mwanza ndi otchuka zoona, ndipo nyengo ya kwanuko ndi yofanana ndi yakumeneko, nde manachesi pa mapu anu asasowe. Koma pa nthochi ndikupemphani chonde musatero. Ku Malawi matenda a chisaka anawononga nthochi zambiri, ndipo amayenda ndi ana a nthochi omwewo komanso nsabwe zakuda za paphata. Mwana wa nthochi akhoza kuoneka wabwinobwino tsiku lomwe mukumuzula, pakapita miyezi masamba amayamba kutuluka aafupi, opyapyala, oima njo mothinana pamwamba, mkoko osatuluka, ndipo mankhwala ake kulibe, nkuzula phata lonse basi. Mukabweretsa mmodzi wodwala mwaika pachiswe nthochi za mudzi wonse. Mbewu zodutsa malire zimafunanso chikalata cha a zaulimi. Pitani ku ofesi ya SDAE ya boma lanu, ija yoona za ulimi ndi zachuma, kaya mufunse mlangizi wa dera lanu komwe kuli nazale yodalirika mbali ino, ndipo pogula manachesi tembenuzani masamba muone kunsi, osatenga achikasu chamawangamawanga kaya opiringizika.

FUNSO: Mango anga ndi aakulu okongola a Tommy Atkins koma ukadula mkati muli mphutsi. Ndidule mtengo?

YANKHO: Ayi bambo, mtengo ulibe mlandu. Ndi ntchentche ya zipatso, imaboola khungu ndikuikira mazira mango akamayamba kupsa. Mtundu wovuta kwambiri unapezeka koyamba mdziko muno mu 2007 ku Cuamba ku Niassa, panopa unafalikira. Mphutsizo mango akagwa zimatuluka kulowa mdothi, pakapita masiku zimatuluka ntchentche zatsopano, nde pamenepo mpoyenera kudula mzere. Tolani zipatso zonse zakugwa tsiku lililonse, mango, magwafa, malalanje omwe, muziike mthumba lakuda lapulasitiki losabooka, mumange pakamwa ndikuliika padzuwa masiku atatu kaya anayi, kapena mukwirire mdzenje lozama masentimita 50. Thyolani mango akangokhwima asanafewe akapsere mnyumba. Muuzenso aneba achite nawo chifukwa ntchentche imauluka kudumpha mpanda, ndipo ngati mukufuna kuwonjezera mitengo, gwafa musamuike moyandikana ndi mangowo, ntchentche imeneyi imaswana kwambiri mmagwafa.